Mlangizi Akuimbabe Lachitatu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tiliko.

Lachitatu lomaliza asanatisiye, alamu anu ankasita malaya anga foni ili pakhutu, akucheza ndi mlangizi wakuchipatala amene amaimbira odwala shuga kuti amve nkhawa zawo. Ankaseka ndithu.

Mlangiziyo akuimbabe. Nditamuuza za maliro anati, "Nanga inuyo bambo, tulo mukuliona?" Ine sindidwala, ndipo dzina langa mulibe m'buku mwawo. Kodi sindikuwonongera ena nthawi? Komatu Lachitatu likafika ndimangopezeka ndasamba, ndakhala pampando, ndikudikira. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Zovala ndapatsa ang'ono awo, mankhwala ndabweza kuchipatala. Foni yawo yokha ndiye ndikuitchajabe.

Ndine mng'ono wanu.