Bwalo Lati Zii

Lolemba, 14 Okutobala

Kutentha ngati m'ng'anjo. Malata akungolira okha, tha! tha! Ana a pabwalo lathu lino agwetsa ndi mpira wawo beseni langa loyesera machubu, madzi onse khuthu m'bokosi la masipanala. Ndawakalipira. Ine sindibisa mawu m'kamwa, ndanena kuti makolo awo anabereka mbuzi. Ndakuwa mpaka eni nyumba, a Makiyi, atuluka makiyi awo akulira m'chiuno. Ndawauza kuti bwalo lawo lasanduka msika, munthu sangakonze njinga pamalo otere. Angogwedeza mutu n'kubwerera.

Achemwali ali kuchipinda: "Kamoto, wayambanso?" Munthu wa imvi ngati ine, akunditchulabe dzina la paubwana. Ndawasiya. Ndi akulu, ndiwonso anandilera.

Lachiwiri, 15 Okutobala

A Makiyi aika loko pampopi wa pabwalo. Azitsegula m'mawa ndi madzulo basi. Ayenda khomo ndi khomo kunena kuti mwana asaseweretso pabwalo, wopezeka akusewera makolo ake asamuke. Akuti, "Madandaulo a a Tsabola tawamva." A Tsabolawo ndine, ndinadziwa kalekale kuti amanditcha choncho.

Ine loko sindinapemphe. Ndinanena za beseni. Komabe lero ndagwira ntchito popanda wondipunthwitsa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Zii. Ngakhale kugwa kwa nati kukumveka. Achemwali asiya tiyi wazizirira pampando.

Lachinayi, 17 Okutobala

Chifere maso awo chaka chatha ndi matenda a shuga aja, bedi la achemwali lili pansi pa windo loyang'ana pabwalo. Ndinalikokera pamenepo ndine, kuti azipitidwa mphepo. Sindinkadziwa kuti akuonera pamenepo dziko lonse ndi makutu. Lero andifunsa kuti, "Kodi kwagwa maliro?" Ndati ayi. "Nanga mapasa aja ali kuti? Wamng'onoyo anali atatsala pang'ono kudziwa kulumpha chingwe. Chingwe chikamenya pansi kawiri, iye pansi khu." Ndati ana aletsedwa. Sanafunse kuti chifukwa chiyani. Anamva zonse Lolemba lija, khomali ndi lopyapyala.

Kenako ayamba zakale. Akuti, "Ukukumbuka chilimwe kwathu kuja?" Ndingaiwale bwanji. Nyenje kulira mpaka mutu kuwanga. Belu la bambo wogulitsa ayezi likumveka kumsewu wachitatu, ife tayamba kale kunyambita milomo, ndipo tikapeza mmodzi tinkaluma mosinthana, achemwali akuwerenga kuti ndisabere. Mlonda wa pagalaja ankatithira madzi a paipi masana dzuwa likaswa mtengo, ife kukuwa ngati tikuphedwa, kenako n'kugona chafufumimba pasimenti yotentha kuti malaya aume mayi asanaone. Zitsekerero za mabotolo zikulira m'thumba, munthu n'kumadziona wolemera.

Ndi chingerengere changa. Limu ya njinga yopanda masipoko imene ndinatola kudzala, ndi waya wopinda. Ngrrrr pamiyala kuyambira kunyumba mpaka kumsika. Panalibe mwana wondiposa mumsewu wonse, ndikunena zoona. Limu imeneyo ndiyo inandiphunzitsa ntchito. Ndinaiwongola ndekha ndi mwala, kenako ndinafuna kudziwa kuti masipoko amalowa bwanji. Palibe anandigwira dzanja. Lero anthu amadutsa okonza njinga a kumsika kubwera kwa ine.

Achemwali akuti, "Phokoso lako linkaposa la ana onsewa, koma palibe anakutcha mbuzi." Ndatuluka kukapopa tayala lomwe linali lopopa kale.

Chakudya chamasana adya masupuni awiri. Chamadzulo akana.

Lachisanu, 18 Okutobala

Anamwino abwera kudzawayeza achemwali. Akuti mankhwala a shuga popanda chakudya ndi oopsa, akapitiriza kukana kudya sabata yamawa akagonekedwa kuchipatala. Achemwali atembenukira kukhoma. Anandilumbiritsa kale kuti ndisadzawasiye kuchipatala, akuti kumeneko mawu onse ndi achilendo, sadziwa amene akubwera ndi amene akupita.

Ndawanyengerera, ndawakalipira, ndawanyengereranso. Akuti, "Sindikukana dala, Kamoto. Njala sikubwera. Tsiku silikuyenda."

Ndayatsa wailesi. Akuti zimitsa, anthu amenewo sakuwadziwa.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndapita kwa a Makiyi. Ndinakonzeka kulankhula mofatsa, Mulungu ndi mboni. Ndati, "Bwana, chotsani lamulo lija, ana azisewera." Iwo akuseka: "Inu nomwe? Lolemba mbuzi, Loweruka ana?" Akuti bwalo tsopano ndi laukhondo, mlamu wawo anayamikira. Pamenepo magazi anakwera. Ndawauza kuti bwalo lopanda ana ndi manda, ndipo iwo ndi makiyi awowo akukhala ngati mlonda wa kumanda. Ndinawonjezanso zina za mimba yawo.

Akuti ndikangotsegulanso pakamwa, kapena akaona mwana pafupi ndi khomo langa, ndifune kwina kokhala ndi kokonzera njinga.

Ndanena zoona zokhazokha. Koma za mimba zija zikanatha kutsala.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndatulutsa malimu atatu akale, ndachotsa masipoko, ndapinda mawaya. Ndawatsamiritsa pakhonde poonekera. Ana akusuzumira m'mawindo ngati mbewa, palibe watuluka. Ndakodola mmodzi ndi dzanja, wathawa.

Amake mapasa akudutsa ndi ndowa: "Mwatchera msampha wa mbuzi, a Tsabola?" Ndati mayi, nkhani yake ndi ya achemwali. Aima. Ndawafotokozera zonse, za windo ndi za chakudya. Kenako akuti, "Pepani. Koma tikathamangitsidwa mudzatisunga ndinu? Ana anga akulira m'nyumba yotentha ngati uvuni chifukwa cha pakamwa panu." Mayi ameneyu amalankhula ngati ine, n'chifukwa chake sitigwirizana.

Lolemba, 21 Okutobala

Achemwali amwa phala theka la kapu. Anamwino adzabweranso Lachinayi.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Masana, dzuwa lili paliwombo, ndinatseka bokosi la masipanala. Ndinati mumtima, ana sangathamangitsitse makolo awo, n'zoona. Wothamangitsidwa akhale ine, ndine ndinayambitsa moto. Ndinatenga limu ndi waya, n'kutsikira pabwalo.

Poyamba inagwa. Kachiwiri inakagunda mpopi. Kachitatu dzanja linakumbuka lokha. Ngrrrr! Kuzungulira bwalo lonse, kudutsa pansi pa zingwe zoyanikira zovala, kukhota pakhomo la a telala, ine pambuyo wefuwefu, mawondo akulira kuposa limu. Azimayi anatuluka atagwira pakamwa. A telala anafuula kuti, "A Tsabola apenga ndi dzuwa!" Ndinati penga nawenso ngati ungathe kukhota chonchi.

Ndiye ndinamva pawindo: "Kamoto! Ukuikankha kwambiri, igwa pangodya!" Mawu amphamvu, a achemwali a kale aja. Ndipo inagwadi pangodya, ine pamwamba pake. Bwalo lonse kuseka. Anayamba kuseka ndi achemwali, mpaka kutsokomola.

Ndikudzuka, mapasa aja anali atatenga kale malimu awiri otsala. Amake ataima pakhomo manja m'chiuno, osawaletsa. Kenako ana onse anakhuthukira panja ngati njuchi.

A Makiyi anabwera, ndithu. Akuti, "Ndinanena chiyani?" Ndinayankha kuti ana ndawaitana ndine, malimu ndi anga, makolo asakhudzidwe. Woti athamangitsidwe ndi uyu waima pano, bondo likutuluka magazi. Akuti mwezi ukatha tikambirana. Ndati tikambirane. Amake mapasa akuti, "Mukatiitane tonse pokambiranapo, bwana." A telala akuti nawonso. A Makiyi anayang'ana uku ndi uku, makiyi ali chete, n'kulowa m'nyumba. Loko sanachotse.

Madzulo achemwali amaliza mbale. Akuti mchere unachepa. Mchere unali bwinobwino, koma ndawasiya.

Lachitatu, 23 Okutobala

Bondo latupa, ndikuyenda ngati bakha. Za kumapeto kwa mwezi sindikudziwa. Akatichotsa, manja ndili nawo, njinga zimaphulika kulikonse.

M'mawa achemwali akuti ndiwatulutse. Chaka chathunthu akukana kutuluka. Ndawanyamulira mpando pakhonde pafupi ndi pamene ndimagwirira ntchito, ndawaikira tiyi ndi buledi. Popeza mpopi ndi wokiya, ndatunga m'mawa madzi odzaza mgolo, masana ndawapatsa ana aziwazana ndi mabotolo. Kukuwa kwake, Ambuye! Mwana wa a telala wandinyowetsa msana, dala. Ndinatsegula pakamwa, ndiye achemwali anandigwira mkono. Sindikudziwa kuti anaupeza bwanji.

Mapasa anabweretsa chingwe patsogolo pa achemwali penipeni. Wamng'ono uja analumpha, achemwali akuwerenga mokweza, buledi ali m'manja. Anadutsa pawiri paja. Anadutsa pasanu. Ine ndinayamba kufotokoza kuti mwanayu akulakwitsa, akutera ndi chidendene, ife kale tinkatera ndi zala.

"Kamoto," anatero osatembenuka, "takhala chete. Undisokoneza kuwerenga. Ndipo undiwonjezere tiyi."

Ndapita kukaika ketulo pamoto.