Anthu adzadza kwanga, koma mbatata ikutha kwa Sellina

Aphungu,

Ku Njuli kuno wosandidziwa ine ndi khanda lobadwa dzulo basi. Ndine mwini chiwaya cha pamsewu, pafupi ndi pomwe amaima a kabaza. Tchipisi changa fungo lake limakafika ku Mikolongwe, ng'ombe mpaka kusiya msipu n'kumayang'ana kuno. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma mukandipatsa mpeni ndi mbatata ya kachewere, pulofesa ndine.

Koma lero ndabwera wolira. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo shedi yomwe ndimakazingiramo ndi ya a Ignasio, atsibweni a mkazi wanga Rejoice. Anandipatsa ulere titangokwatirana kuti ndisiye ganyu yoswa miyala. Zonse zinali myaa mpaka chaka chatha, pomwe kutsidya kwa msewu kunabwera mayi wina dzina lake Sellina ndi kachiwaya kakang'ono ngati chivundikiro cha poto. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, a Ignasio anandikokera pambali. Amvekere, "Akamwini, bizinesi ikuyenda?" Ine ndinati, "Kuyenda n'kochepa atsibweni, ikuuluka." Iwo osaseka. "Ngati ikuuluka, nanga bwanji Rejoice akumakapempha mchere ndi sopo kwa amayi ake? Sellina wandipempha shedi ija kuti azilipira lendi. Ikafika Khirisimasi zinthu zili chomwechi, ndimupatsa. Miyala ija sinathe."

Aphungu, ine sindine munthu wongokhala. Ndinayamba kudziyerekeza ndi mayi ameneyu pa chilichonse, ndipo paliponse wopambana ndine. Anthu? Kwanga kumadzadza kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Pali bawo, pali mkangano wa mpira, nthabwala ndiye musanene. Kwa Sellina munthu amangofika, kulandira, ulendo, ngati pamaliro a munthu wosamudziwa. Iye analemba dzina lake pa kabolodi, ine ndinaitana wopenta kundijambulira tambala wamkulu kuposa mbuzi. Iye ali ndi kawailesi, ine ndinakoka sipika yomwe ikalira malata a sitolo zonse amanjenjemera. Dzanja langa ndi lolemera, mnzanga akafika basela amaposa chomwe wagula, ndipo a bawo sangasewere ndi njala ine ndilipo. Mafuta anga ndi olimba, amatha masiku osasintha mpaka kuda bii ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kukoma kumachokera pamenepo. Iye amangosinthasintha ngati mwana wa bwana. Amayatsanso moto m'mamawa, anthu akungoyamba kufola kuchipatala. Ine katswiri sathamanga, moto ndimayatsa dzuwa litakwera.

Chondizunguza mutu ndi chimodzi. Shabani, yemwe amatibweretsera mbatata kuchokera ku Limbe, matumba amatsitsa kwa Sellina. Langa limodzi limakhala pakona mpaka mbatata kuyamba kumera. Ndinamugwira Lloyd wa kabaza, mnzanga wa kalekale, akutuluka kwa mayiyu pakamwa pali noninoni. Ndinati, "Aise, ndinakulakwira chani?" Iye amvekere, "Amwene, musadandaule. Kwanu timabwera kudzaseka, kwa amayiwa timabwera kudzadya." Anapalasa njinga akuseka.

Pamenepo ndinazindikira kuti apa pali mankhwala. Munthu wamaso awiri angasiye bwanji tchipisi changa? Anzanga a pabawo nawo akuti mayiyu anakwirira kanthu pansi pa chiwaya. N'chifukwa chake chibwerereni sindinalawepo tchipisi chake, ndipo Rejoice ndinamuletsa. Aliyense amadziwa kuti ukadya kwa wopikisana naye amakutengera mwayi wonse. Anzangawo akuti kuli sing'anga wina kuseri kwa Phalombe yemwe angandikonzere zamphamvu kuposa zake, koma pafunika ndigulitse mbuzi ya Rejoice. Iye ndikamuuza amangoti, "Bambo a kunyumba, mbuzi yanga muisiye," n'kutembenuka.

Ndiye ndiuzeni, Aphungu. Ndipite kwa sing'anga, kapena ndikamuyalutse Sellina kwa tcheyamani wa msika? Kubwerera ku miyala ine ayi. Manja awa ndi a mafuta.

D.K., Njuli

A D.K.,

Kalata yanu yandiseketsa, ndipo ndamvetsa chifukwa chake pashedi panu sipasowa anthu. Imeneyo ndi mphatso, muisunge. Koma mwa njira ziwiri mwatchulazo palibe yoti mutenge. Mbuzi ya Rejoice isiyeni idye udzu.

Kudziyerekeza ndi mnzanu munaganiza bwino. Munangolakwitsa zoyerekezazo. Mwayeza tambala, sipika ndi phokoso, zinthu zomwe munthu wanjala sadya. Amene akuyeza zoona ndi Shabani. Iye alibe mbali, amangotsitsa matumba komwe mbatata ikutha. Lloyd naye anakuuzani chilungamo chonse ulere, chomwe ena amalipira kuti achimve, inu n'kuchitcha mankhwala.

Choyamba, mawa lomwe lino muoloke msewu mukagule tchipisi kwa Sellina. Mupereke moni, mulipire ngati wina aliyense, ndipo mutenge Rejoice chifukwa iye sakunamizani. Muone kuti mwadikira nthawi yaitali bwanji, mbale ndi yoyera motani, madzi osamba m'manja alipo kapena ayi, saladi ndi wa lero kapena wadzulo. Kenako mubwerere mudye chanu pakamwa pakadali kukumbuka. Mwatha chaka mukupikisana ndi chinthu chomwe simunachilawepo. Kodi pabawo mumasewera mutatseka maso kumbali ya mnzanu?

Musalekere kwa Sellina yekha, poti naye si mapeto a luso. Mufunseni Shabani kuti chiwaya choyenda bwino pamalo ngati Njuli chimamaliza thumba pa masiku angati. Tsiku lina mukwere naye mpaka ku Limbe, mukaime pa ziwaya zomwe anthu amachita kulimbirana. Kumeneko simukupikisana nawo, sakubisirani. Afunseni kuti ndowa imodzi ya mbatata imatulutsa mbale zingati, ndipo mafuta amasintha liti. Umenewo ndiye muyezo wa ntchito yanu, osati zonena a pabawo.

Mukabwerako dziyezeni nokha. Sizifuna sukulu. Pezani zitini ziwiri ndi zitsekerero za mabotolo. Mbale yogulidwa, ponyani chitsekerero m'chitini china. Mbale ya basela kapena ya anzanu, m'chinacho. Madzulo Rejoice akhuthule. Ndikukayika ngati mudzaseke tsiku loyamba, koma mudzadziwa komwe mchere ndi sopo wa m'nyumba mwanu akupita.

Zina ziwiri sizifuna n'kafukufuku yemwe. Mafuta akuda bii aja si ndiwo zokometsera, ndi matenda, ndipo a kabaza mimba zawo ndiye injini. Atayeni. Komanso yatsani moto m'mamawa. Odikirira odwala kuchipatala ndi a kabaza a ulendo woyamba ndiwo ali ndi njala yeniyeni komanso changu. Pomwe katswiri akudzuka, Sellina amakhala atawadyetsa kale onse.

Pali chimodzi chomwe mumamuposa, ndipo iye sangachigule: anthu amakonda kukhala nanu. Bawo lisachoke, koma lisunthireni kumbali kuti wogula asamachite kupempha njira, ndipo wosewera akamva njala agule. Amene akwiye ndi zimenezi sanali kasitomala. Mwaonanso kuti omwe akukutumizani ku Phalombe ndi omwewo akudya ulere? Akudziwa kuti mukatsegula maso, mbale yawo yatha.

A Ignasio musawadikire Khirisimasi. Pakatha milungu ingapo apitireni nokha, muwauze zomwe mwasintha, muwaitane adzaone thumba likutha. Akulu aja sakufuna shedi, akufuna mwana wa mlongo wawo asamapemphe mchere.

Chenjezo langa ndi ili: pakamwa panu pakuthwa, ndiye musayerekeze kumunena Sellina za mankhwala pagulu, ngakhale mwa nthabwala. Kunamizira munthu zoterozo ndi mlandu, ndipo mungataye shedi ndi ulemu tsiku limodzi. Mankhwala ake ine ndawaona kale m'kalata yanu yomweyi: mafuta oyera, moto wam'mamawa ndi dzanja lodziwa muyezo. Sanakwirire pansi pa chiwaya. Amawagulitsa poyera, pa mbale, kutsidya kwa msewu. Olokani mukalawe.

Aphungu