Amayi Anakalira Maliro a Mzungu

Okondedwa achimwene a Sebastiano,

Choyamba ndimve za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga a Josephine ndi ana onse ku Mbenjeko. Kaya mwendo uja unasiya kukuvutani? Ife kuno tikudzuka, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamizani, ndipo bodza ndatopa nalo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndingangolira, inu osamvapo kanthu.

Mukudziwa kuti chiwakwezereni pantchito alamu anu a Raphael, kampani ya nzimbe inatipatsa nyumba kumayadi a mabwana. Kumudziko mumati Otilia watola chikwama. Eetu, nyumba ndi yabwino, kapinga amamwa madzi kuposa munthu. Kumanja kwathu kuli azungu a ku Joni, kumanzere Amwenye, kutsogolo banja la ku Zimbabwe. Palibe anatitukwanapo, onse amakweza mkono akamadutsa pagalimoto. Koma miyezi isanu ndi itatu yatha, sindinalowepo m'nyumba ya munthu.

Amayi ndinawatenga chifukwa cha shuga, inu nomwe munavomereza. Jakisoni wawo amafuna firiji, ndipo chipatala cha kampani chili pafupi. Kuno miyendo inaphwa, anayambanso kudya bwino. Chinkawasowetsa mtendere n'choti palibe wocheza naye. Munthu woti wagulitsa milamba pamsika zaka makumi atatu, pakamwa posatseka, lero azingoyang'ana mpanda! Tsiku lililonse ankaima pageti n'kumapereka moni wa Chisena kwa aliyense wodutsa, ndi agalu a eni ake omwe.

Lachiwiri sabata yatha, mzungu woyandikana nafe, Bambo Pitasi, anagwa kufakitale n'kumwalira pomwepo. Mtima. Madzulo ake pafoni panabwera uthenga wopita kwa tonse akumayadi, woti mkazi wa malemuyo akupempha kuti anthu asapiteko, amusiye yekha. Ndinawawerengera Amayi. Anandiyang'ana n'kunena kuti Chizungu changa n'chopereŵera, ndaŵerenga mozondoka, palibe munthu wobadwa mwa mayi angapemphe zotero. Ndinangoseka, achimwene. Kulakwa kwanga koyamba kunali komweko.

Lachitatu m'mawa ndinapita kumsika. Nditangotuluka, Amayi anamanga chitenje ndi duku, anatapa ufa m'beseni, anatola nkhuni kuseri kwa nyumba, ulendo kwa a Pitasi. Anayambira kulira pamsewu monga timachitira kwathu, kuti mwini maliro adziwe kuti kukubwera anthu. Atafika anatula nkhuni, anakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, n'kumalira momutchula malemuyo kuti mwana wawo. Munthu woti sanalankhulanepo naye ngakhale kamodzi!

Mayi Pitasi anali yekha m'nyumba. Atamva mfuu anachita mantha n'kuitana alonda. Alondawo ndi anthu athu omwe, wina ndi wa kwa Ndamera, amadziwa bwinobwino chimene Amayi ankachita. Koma ntchito ndi ntchito. Anawanyamula m'khwapa, ufa n'kutayika pakhonde ponse.

Pobwera kumsika ndinawapeza atawakhazika pabenchi pakanyumba ka alonda ngati wakuba, duku lili m'manja. Panali mkulu wa alonda, azimayi aŵiri achizungu ndi mayi wa Chimwenye uja. Onse maso pa ine. Mkulu wa alonda anandifunsa m'Chizungu ngati ndikuwadziŵa agogowa, komanso chimene chinawachititsa zimenezi.

Achimwene, pano ndi pamene pali nkhani. Ndikanatha kunena kuti ndi mwambo wathu, kuti kwathu maliro salira mmodzi. Mawu ake ndinali nawo. Koma ndinaganiza za ntchito ya a Raphael, ndinaganiza za mmene azimayi aja azindionera, manyazi anandigwira. Ndinayankha kuti ndi mayi anga, koma mutu wawo suyenda bwino, ndi ukalamba, atikhululukire.

Nkhope zonse zinamasuka nthawi yomweyo. Wina anandisisita paphewa. Ndimati Amayi sanamve poti zinali m'Chizungu. Koma iwo anatembenukira kwa mlonda wa kwa Ndamera uja n'kumufunsa m'Chisena chimene mwana wawo wanena. Iye anayang'ana pansi, anazengereza, kenako anawauza zoona. Sindimuda, anachita zaulemu kuposa ine.

Popita kunyumba Amayi anali patsogolo, ine pambuyo ndi beseni lopanda kanthu. Sanandikalipire. Inu mukuwadziŵa Amayi, pakamwa pawo pamatha munthu. Ndikanakonda akananditukwana mpaka mayadi onse amve.

Lachinayi thupi linanyamuka kupita kubwalo la ndege ku Blantyre. Galimoto imodzi yokha, popanda nyimbo, popanda woperekeza, alonda anangotsegula geti n'kutsekanso. Anthu a kumanzere kwathu ankathirira maluŵa. Amayi anaonerera zonsezi pawindo mpaka galimoto inakhota.

Lachisanu Mayi Pitasi anabwera kwathu ndi maluŵa. Musamuone ngati munthu woipa, maso ake anali otupa, ndipo anagwira dzanja la Amayi nthawi yaitali. Anapepesa kuti anachita mantha. Kenako ananena kuti akumvetsa, chifukwa nayenso mayi ake anadwala matenda oiŵalaiŵala asanamwalire, ndipo anandiyamikira kuti ndikusamala wodwala wotere pakhomo. Apa Mulungu anandipatsa mpata wachiŵiri woti ndikonze. Sindinakonze. Ndinangoti zikomo. Amayi atafunsa chimene mzunguyo wanena, ndinati akuthokoza chifukwa cha ufa. Iwo anangoti takhuta, zikomo wathu wa Chisena uja, n'kuloŵa kuchipinda.

Lero mayadi onse amatikonda. Mayi wa Chimwenye anatitumizira chakudya, wa ku Zimbabwe anandiitana kuti ndizipita nawo kumapemphero a azimayi. Zitseko zimene zinali zotseka miyezi yonseyi zatseguka chifukwa ndinati mayi anga ndi amisala. A Raphael akuti ndizisiye choncho, nkhani yatha bwino, ndikaifukula ndingodzichotsa ulemu. Sindikudziŵa ngati akulakwa.

Tsopano Amayi alongedza. Zovala zili m'chikwama kuyambira Lamulungu, ndipo akuti Loŵeruka likubwerali akwera basi ya ku Nsanje, ndi ine kapena popanda ine. Ndinawakumbutsa kuti nyumba yawo inapita ndi madzi. Anati khonde la Sebastiano lilipo. Ndinawakumbutsa za jakisoni, kuti kumudzi kulibe firiji ndipo kutentha kwa kumeneko kuwononga mankhwala sabata isanathe. Ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti akasiya jakisoni sangaone dzinja. Anandiyankha kuti shuga adzawapha kulikonse, koma iwo safuna kudzatuluka pageti lija pagalimoto imodzi anthu akuthirira maluŵa. Akufuna kukafera kumene munthu akalira, anzake amabwera.

Ndinagwada, achimwene, ine ndi maondo angaŵa, pasimenti. Ndinati ndipita nyumba ndi nyumba kukaulula kuti ndinanama. Anakana, amvekere nkhabe, ndisavutike, azunguwo andilandira kale, ndisataye mwayi chifukwa cha nkhalamba yopenga.

Ndiye ndikupemphani chiyani? Inenso sindikudziŵa. Ndikati bwerani mudzawaletse, ndiye kuti ndikuwatsekera m'nyumba momwe aliyense amawalankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati mwana. Ndikati bwerani mudzawatenge, ndiye kuti ndasainira imfa yawo ndi dzanja langa. Mutu wanga waima. Inu ndinu wamkulu, mwina mawu anu angaloŵe, poti anga satha kudutsa pakhomo la chipinda chawo.

Chonde bwerani lisanafike Loŵeruka. Pageti mukanene dzina la a Raphael, apo ayi akubwezani. Ngati mwaona kuti zokakamira sizithandiza, yambani mwafunsa kwa a sitolo aja ali ndi firiji ya sola ngati angatisungireko mankhwala. Ndipo mukafika musandikhululukire msanga, ndikalipireni ndithu, pakhale munthu mmodzi wondilankhula ngati wachibale. Chichitikireni zija Amayi sananditchulepo dzina langa. M'mawa uliwonse ndikawabaya jakisoni amapinda manja mwaulemu n'kunena kuti zikomo adona.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndiponso kwa azakhali a Maness, koma nkhaniyi musawauze kaye. Ambuye akusungeni ndi kukuyendetsani bwino panjira.

Ndine mlongo wanu wosoŵa pogwira,
Otilia