Miyala Yosalala pa Mtsetse

Córrego Fundo,
17 Malichi 2019

Okondedwa Anselmo,

Ndalemba "okondedwa" chifukwa kalata imayamba choncho, usanyade nazo. Foni sindikuimbira, poti pafoni umandidula mawu ngati ndine wantchito wako. Pepala sungalidule mawu.

Uthenga wako ndaumva, woti ubwera pa Pasaka ndi anzako a ku São Paulo kudzawaonetsa famu ndi msewu wako wa miyala. Usawavutitse anthuwo. Msewuwo ndikuufukula, ndipo lero ndafika pakati.

Ndikukumbutse, poti chuma chimaiwalitsa. A khonsolo atazula miyala ya mumsewu umene tinakulira kuti athiremo phula, iwe unagula miyalayo malole asanu n'kundiuza kuti ndiiyale kuchokera pageti kukafika pakhonde la nyumba imene unasamutsiramo amayi. Ndinasangalala, ndisaname. Msewu wakalewo malemu bambo athu anaukonza kangapo, ine ndikuwatutira mchenga, iwe uli pamthunzi ndi buku. Koma ndinakuuza chiyani tsiku lija? Ndinati mwala wakale uli ndi mbali ziwiri: yapamwamba, imene mapazi ndi ngolo zaisalaza kwa zaka zana, ndi yapansi yokhakhala. Pamalo athyathyathya yala mmene ukufunira, koma pamtsetse mwala wakale umautembenuza. Aliyense wa ntchito imeneyi kuno amadziwa zimenezi asanagwire ndi nyundo yomwe.

Unandiseka. Unati sunagule miyala yakale kuti ukwirire ukale wake m'dothi, ndipo ngati Valdomiro wakalamba ukatenga anthu a ku Belo Horizonte. Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinayala momwe unafunira. Apa ndiye pali mlandu wanga, sindiuthawa. Zaka makumi atatu ndakhala chogwada pamiyala, ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita, koma ndinkafuna uone kuti palibe wa ku Belo Horizonte angandipose kuwongola mizere.

Amayi nawonso anadziwa. Mkazi wa woyala miyala sungamunamize. Anatsika kudzandipatsa khofi, n'kupalasa mwala umodzi ndi phazi, n'kunena kuti bambo akanakhala moyo akanandigenda ndi nyundo. Nditawauza kuti wafuna ndiwe, nkhope inasintha pomwepo.

"Aa, ngati ndi Anselmo ndiye kuti kutauniko akuyala choncho masiku ano. Musiye mwanayo."

Mwanayo! Munthu wa imvi m'ndevu.

Mu Januwale unamva kuti amayi agwa kukhitchini n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Unatumiza maluwa kuchipatala, zikomo, anali okongola. Koma sanagwe kukhitchini ayi. Mvula inagwa masiku anayi, miyala yako inamera ndere n'kumanyezimira ngati mbale zongotsuka kumene. Lachisanu m'mawa anatsika monga mwa masiku onse kukakumana ndi mnzawo Dona Eufrásia pageti kuti apitire limodzi ku Misa. Ndinawapeza ndine, pamtsetse pokhota paja, ali chagada, korona ili m'manja, kathumba ka tchizi kamene ananyamulira bambo mfumu katagubudukira m'ngalande. Sanalire. Ndikuwanyamula anandigwira kolala ya malaya n'kundikokera pafupi.

"Ndagwa kukhitchini, wamva? Mng'ono wako asadziwe. Msewu uwu amaukonda."

Ndinalumbira, ndipo ndakhala nazo kukhosi miyezi iwiri. Dzulo adokotala ananena kuti fupalo silikugwirana bwino, kuyenda okha kukabwerera kudzakhala kwa ndodo ziwiri, mwinanso sikubwerera. Ndiye lumbiro langa lathera pomwepo. Ndili ndi mkwiyo, Anselmo, wa iwe ndi wa ine ndemwe, ndipo sindikufuna kuusenza ndekha pomwe iwe ukujambulitsa msewu.

Tsiku lililonse ndimazula mwala, n'kuutembenuza, n'kuukhomera mumchenga mbali yokhakhala ili kumwamba. Msewuwo sukukongola monga kale, anzako sadzauyamikira. Koma amayi akadzaima ndi ndodo zawozo ndikufuna phazi lawo lidzapeze pogwira. Ngati zikukuwawa, bwera udzandilande nyundo wekha, usanditumizire loya kapena anthu ako a ku Belo Horizonte.

Amayi amakhala pakhonde panjinga yawo ya olumala n'kumandiyang'ana. Sanandifunsepo chifukwa chake, inenso sindinawauze. Lero lokha anakuwa kuti mwala wachitatu kuchokera kumphepete wapendama. Ndinaupenda, unalidi wopendama.

Pa Pasaka bwera wekha, ndipo suti uisiye. Utenge nsapato zolimba ndi magolovesi, chifukwa manja akowo sangathe ola limodzi. Theka la mtsetse ndikusiyira iwe.

Mlamu wako Cleonice sakupereka moni, ndamufunsa kawiri. Dona Eufrásia akuti amakupempherera, sananene kuti amapempha chiyani. Amayi akupereka moni wambiri. Akufunsa ngati ukudya mokwanira, akuti tchizi akusungira, ndiponso akuti ndikuuze kuti usade nkhawa, anangoterereka kukhitchini.

Ndakuuza.

Ine mkulu wako,
Valdomiro