Zigoba za Gule Sindisema za Malonda

Loweruka, 16 Novembala. Mvula tsiku lonse, ndipo mtima wanga ukuwirabe.

Mwana wanga Esinati ndi mwamuna wake ananditengera ku holo ina kuno kumaiko a azungu, ku Govanhill, kukaona mayi wosema wa mtundu wa Haudenosaunee, eni nthaka a ku Amereka. Dzinalo wachita kundilembera Esinati papepala. Mayiyo amasema miyala ndi nyanga. Anandipatsa fulu wamwala kuti ndimugwire, zala zanga n'kuvomera kuti apa pali mmisiri.

Mzungu wina anapempha mayiyo kuti amusemere chigoba cha mtundu wawo, akapachike pakhoma. Mayiyo anakana osaseka. Esinati anandimasulira kuti zigoba zawo n'zochiritsira odwala, sagulitsa, ngakhale kuonetsa anthu wamba saonetsa.

Basi mkamwini wanga n'kudzuka, Chizungu chili pakamwa. Esinati anandinong'oneza mwamanyazi zimene ananena: "Ife tilibe vuto limenelo. Apongozi angawa atisemera zigoba za gule, tikagulitsa kutchalitchi."

Ine? Anandifunsa liti? Munthu woti kudambwe sanapondeko! Mayiyo anandiyang'ana, ine maso pansi, pakuti chaka china cha njala ndinagulitsadi zigoba kwa azungu pamsewu ku Dedza. Mpaka lero chimandiwawa.

M'basi pobwerera ndinamuuza mkamwiniyo kuti, "Bambo a Chisomo, zipande ndisema, mipini ndisema. Zigoba ayi."

Iye amvekere, "Koma bambo, talengeza kale m'tchalitchi."

Akalengezenso. Mtengo umene anandigulira kuti ndisemere zigobazo ndaudula kale pakati. M'menemo mutuluka fulu, ndipo ndikampatsa mayi uja asanakwere ndege, kaya mkamwini akwiya, kaya...