Mzere wa a Augustino

Lolemba, 30 Sepitembala 2024, Bangula

Kutentha kwa lero, choko kuchita kunyowa m'manja. Ana a Sitandade 5 theka kugona pamadesiki. Pochokera kusukulu ndapeza amayi aang'ono a Imelda pakhonde. Chiliza cha amuna awo, bambo aang'ono a Augustino, chatha kumangidwa. Kuvundukula pa 26 Okutobala. Sanadzere ine. Adzera Ababa ndi lonjezo lija: abale awiriwa anapangana kalekale kuti wotsogola kumanda, wotsalayo adzamuimbira ulimba pa chiliza.

Ababa maso pa nkhuku. Kenako: "Ulimba ndi anthu atatu, mlamu. Munthu mmodzi ndi kugogoda nkhuni."

Sakunama. Ababa amakhala kumunsi, kumawu aakulu. Mnzawo a Geresomo pakati. A Augustino tsidya linalo, kutimawu tating'ono. A Geresomo anawolokera ku Mozambiki, foni yawo inaleka kulira. A Augustino madzi osefukira a chaka chatha anawatenga ndi bwato lomwe. Ulimbawo, mbale zake zamatabwa zomenya ndi timitengo ndi zikho zake pansi, uli m'kachipinda kanga kojambulira, wafunda chitenje ngati wodwala malungo.

Ine ndi pakamwa pangapa. Ndati Ababa, ndikusandutsani anthu atatu. Andiyang'ana ngati ndalawa kachasu.

Ndanena basi, sindibweza. Vuto ndi lakuti pulogalamu yomwe ndimajambulira makwaya imameza zonse kamodzi, mzere umodzi. Ndikufuna ya mizere yambiri, yoti munthu aimbe, abwerere, aimbenso pamwamba pa zake zomwe. Ndipo ikhale yolingana ndi thumba la mphunzitsi.

Lachitatu, 2 Okutobala

Nchalo pa minibasi, kwa Rex, mnzanga wa kusekondale woika nyimbo m'mafoni a anthu. Wandiikira zitatu pa fulashi.

Yoyamba, yakuba. Yaikulu, yokongola, mabatani ngati m'ndege. Ndiyo anyamata amapangira mabiti.
Yachiwiri, yaulere. Nkhope yosasamba koma mizere ilipo.
Yachitatu, yolipira. Yopepuka. Imakulola kuyesa, koma kuti utulutse nyimbo umayenera kugula, ndi khadi, m'madola.

Rex akuti yachitatuyi ubwino wake sitaya kanthu, ungadule bwanji, ungasunthe bwanji, zoyamba zija zimakhala pansi zili bwinobwino. Ndamufunsa ngati akudyera kumeneko. Ndalama yomwe ndili nayo ndi ya fani, ndakhala ndikuisunga chiyambire chisanu. Fani kapena pulogalamu? Kuno ku chigwa funso limenelo safunsa munthu wamoyo mu Okutobala.

Wawonjezanso kuti: "Flossy, ingopanga biti ya ulimba pa kompyuta. Kumanda ndani angadziwe?" Ndamuuza kuti mwini mandawo.

Lachinayi, 3 Okutobala

Yakuba yatha yokha. Kungoitsegula laputopu yayamba kulira ngati chigayo, pansi pake kutentha koti n'kuumitsa usipa. Yazima kawiri. Ndaichotsa popanda chisoni. Zakuba pa chiliza cha munthu, nazonso ayi.

Kwatsala ziwiri. Mtima uli pa yolipira, thumba lili pa yaulere. Thumba lapambana.

Loweruka, 5 Okutobala

Matiresi awiri kukhoma, mphasa pazenera, mbuzi ndakamangirira kwa aneba. Ababa avundukula ulimba okha. Apukuta mbale iliyonse, agogoda zikho za pansi, amata pomwe panang'ambika.  Ine ndimayang'ana kwina.

Mzere woyamba, wakumunsi, walowa bwino. Manja aja akadalipo! Ndinachita tsembwe.

Mzere wachiwiri, chisokonezo. Ndawaveka mahedifoni kuti azimva zomwe aimba kale, iwo akuimba zapakati. Zimene akumenya zikufika m'makutu mochedwa pang'ono. Pang'ono pomwepo pa ulimba ndi dzenje, chifukwa dzanja la uyu limagwa m'mpata wa dzanja la uyo. Ayesa, ayesanso, avula.

"Munthu wako wa m'makutuyu ndi waulesi. Akadakhala pano ndikadamumenya ndi kamtengoka."

Ndaseka. Apita kukakhala pansi pa mtengo wa nimu. Akuti nkhabe, sakufunanso, za makina zawakwana.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Masiku atatu ndikulimbana ndi waulesi wa m'makutu. Bandulo yatha kawiri. Rex pa foni, ine pa laputopu, thukuta kudontha pa mabatani. Kuchepetsa apa, kuwomba m'manja, kuyeza, kubwezera apo. Lero ndawomba m'manja, phokoso lagwera pamalo pake penipeni. Ndinakuwa mpaka aneba kufunsa ngati ndi njoka.

Nayo yaulereyo. Ukaipa dziwa nyimbo.

Ababa ndawanyengerera ndi tiyi wa mkaka. Akuti tiona pa holide.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala, sukulu kulibe. Magetsi alipo chiyambire m'mawa, zachilendo.

Mzere wapakati walowa kamodzin'kamodzi. Ali mkati moimba, maso otsinzina, pofika pomwe mng'ono wawo ankalowera anakuwa monga kale: "Augustino, lowa!" Maiki inagwira. Atatsegula maso anapeza tsidya linalo kuli khoma ndi matiresi. Sanaleke kuimba. Ndidzadula mawuwo pomaliza, asamveke.

Kenako mzere wachitatu. Anazungulira ulimba pang'onopang'ono, n'kukhala pampando wa a Augustino. Anakhala nthawi, timitengo m'manja, osamenya. Ndinkaopa kupuma. Atayamba sanaimbe ngati Ababa ayi. Mapewa m'mwamba, mutu kupendekeka, manja kuthamanga. Atamaliza anaika timitengo pansi, malaya onse chonyowa, n'kutuluka osafunsa ngati zagwira.

Zagwira. Anthu atatu mu laputopu yanga yokalambayi! Ndavina ndekha m'chipinda, ine mphunzitsi wamkulumkulu.

Chimodzi chokha. Ndikayang'ana pa sikirini, mzere wachitatu sukugwera pamodzi ndi inayo. Ukutsogola pang'ono paliponse, ngati mwana wothamangira kutsogolo kwa mzere wa asembule. Kutopa kwa nkhalamba, ndikuganiza. Ndikonza ndekha, asadziwe, asachite manyazi pagulu.

Lachinayi, 17 Okutobala

Masana awiri, kudula ndi kusuntha, kamawu kamodzikamodzi. Khosi lauma. Koma tsopano zonse zaima mowongoka. Laputopu inadandaula kuti yadzaza, ndafufuta zakale zosafunika, ndasunga, ndatseka.

Mawa ndiwamvetsera. Ndagula ndi sobo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amvetsera atatseka maso. Kumunsi agwedeza mutu. Pakati agwedeza mutu. Polowa mzere wachitatu nkhope yasintha.

"Uyu ndani?"

Ndati ndinu, Ababa, ndangowongola pomwe panathamanga.

"Wawongola? Augustino sanayendepo pamodzi ndi ife tsiku ndi limodzi lomwe. Amathawa kutsogolo, ine n'kumamukoka chakumunsi. Ulimba wathu unali pamenepo. Ndinamuitana, anabwera, iwe wamuchotsa."

Sanakalipe. Bola akadakalipa.

Ndathamangira kubweza. Kulibe chobweza. Ndinasunga pamwamba pake, ndipo zakale zosafunika zomwe ndinafufuta dzulo, momwemo ndimo munali mzere wachitatu monga anauimbira Ababa. Ndafufuza paliponse. Rex wayesa pa foni, pomaliza wangoti pepa, mlongo. Sananene zoti anandichenjeza. Mulungu amudalitse pa chimenecho.

Ndapempha kuti aimbenso. "Wakufa sadzutsidwa kawiri, mwananga." Afunditsa ulimba chitenje.

Sobo ali pa tebulo wosatsegula. Ndikudzida. Zaka zonsezi ndikumvera anthu awa kuyambira ndili kumsana, ndipo ndakhulupirira maso kuposa makutu.

Lolemba, 21 Okutobala

Loweruka ndi Lamulungu sindinalembe. Panalibe cholemba.

Amayi aang'ono anabwera dzulo kudzafunsa. Ndawauza zoona. Iwo anati: "Ngakhale awiriwo aimbe. Iye adzamva." Ababa akuti ku chiliza apita ngati mkulu wake wa malemu, osati woimba. Nsima akudya pang'ono. Ndikawapatsa moni akuyankha bwinobwino, ndipo n'zimene zikupweteka.

Madzi akatayika saoleka, chabwino. Koma mtsuko wobooka sutungiranso. Lero pochoka kusukulu, Nchalo. Ndalama ya fani ndaipereka kwa Rex, iye walipira ndi khadi lake. Khadi linakana kawiri, kachitatu lalola. Yolipira ija tsopano ndi yanga, dzina langa lili pamwamba pake. Tigona ndi kutentha mpaka mvula, sitifa.

Rex akuti ukugula tsopano za chiyani, nyimbo inapita kale. Sindikudziwa bwinobwino. Ndikungodziwa kuti chilichonse chimene Ababa adzamenyenso, ngakhale kamodzi, sichidzatayikanso m'manja mwanga.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndasamutsira mizere iwiri mu yatsopano. Wowongoka uja ndautaya, sindikufuna kuuonanso. Mzere wachitatu ndausiya wopanda kanthu, ndaulemba dzina: Augustino.

Ndayesa kudula chidutswa, kutseka, kutsegulanso, kukoka m'mphepete. Chabwerera chonse. Ndayesanso kangapo ngati mwana wopatsidwa chidole. Ndinalira pang'ono. Sabata imodzi yokha kuchedwa.

Mawu aja a "Augustino, lowa!" akadali pa mzere wapakati. Chala chinafika pomwepo. Ndachibweza. Sindikhudzanso kanthu ka eni.

Awiriwo paokha akumveka ngati munthu woguluka mano, mipata paliponse. Ndi zomwe zilipo. Sipika ndabwereka kusukulu, batire kwa aneba.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndalankhula ndi wa ngolo. Mawa anyamula mipando, ndamupempha anyamulenso ulimba. Ababa anaona tikuutulutsa.

"Ukupita nawo kuti?"

Ndati ukangokhala pafupi ndi mwini wake, wofunda momwemo.  Timitengo ndaika m'chikwama changa. Maiki ndi waya wake ndaikanso. Mwina ndi uchitsiru. Ndakhala kale chitsiru mwezi uno, kamodzi kena sikandipha.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndilembe zisanazizire.

Anthu ambiri, ena ochokera ku Marka. Dzuwa lopanda chifundo. Mapemphero, kwaya, kuvundukula nsalu. Amayi aang'ono anandikodola. Laputopu pa mpando pansi pa ambulera, ulimba pambali pa chiliza, maiki ndaimika pafupi ngati yoiwalika. Ndinavundukula chitenje, ndinaika timitengo pa mbale za kumwamba. Ababa ali pa mpando wa akuluakulu, jekete yakuda, chipewa pa bondo, osandiyang'ana.

Ndinayatsa mzere wachitatu kuti uzijambula. Kenako ndinatsegula nyimbo.

Kumunsi kunayamba. Akuluakulu anadzutsa mitu, anazindikira dzanja. Pakati panalowa. Amayi ena anayamba kugwedezeka pa mphasa. Ine ndimadziwa chomwe chikubwera.

Sipika inakuwa ndi mawu a Ababa, manda onse kumva: "Augustino, lowa!"

Palibe analowa. Nyimbo inapitirira ndi mipata yake, ndipo aliyense amene anavinapo ulimba umenewu anamva yemwe akusowa. Amayi aang'ono anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anayamba kulira. Ndinafuna kuzimitsa, ndinaona ngati ndawavula anthu pagulu.

Chipewa chinagwa pansi. Ababa anali ataima. Sanavule ndi jekete yomwe. Anazungulira chiliza, anakhala tsidya la mng'ono wawo, anatola timitengo, mapewa m'mwamba, mutu kupendekeka. Analowa pakati pa nyimbo osadikira poyambira, ndipo anathawa kutsogolo. Kumunsi kwa mu sipika kukukoka, iwo akuthawa, kukukoka, akuthawa. Amayi aang'ono anakuwa dzina la amuna awo, n'kuimirira, n'kuyamba kuvina akulira, fumbi mpaka m'maondo. Anthu anawatsatira.

Ine maso pa sikirini. Mzere wachitatu ukudzaza, wofiira, wokhota, wotsogola paliponse. Muli kulira, muli nthungululu, muli mwana wa munthu akupempha madzi. Zonse zalowa.

Ndasunga pa laputopu, pa fulashi, ndatumizanso pa foni ya Rex. Sindinadule kanthu.

Pobwerera pa ngolo Ababa maso pa msewu mpaka pa msika. Kenako, osandiyang'ana: "Wamugwira?" Ndati ndamugwira, Ababa. "Usamuwongole."

Akundiitana pakhonde. Akuti ndibwere ndi za m'makutu zija, akufuna amumve mng'ono wawo.