Makiyi a Galimoto Ndatenga Ine

Bambo a ana,

Musavutike kupisa m'matumba a jekete, makiyi a galimoto ali m'chikwama mwanga. Ndapita kukaona achemwali pa minibasi, ndibwera madzulo. Pepani, koma ndinakumvani dzulo mukupangana ndi mng'ono wanu zokatsukitsa giyabokosi ndi mashini aja opopa oilo. Ayi ndithu.

Ndinafunsa makaniko wathu wachikulire uja. Akuti galimoto yoyenda zaka zonsezi osasinthidwa oilo wa m'giyabokosi, ukaipopa mwamphamvu litsiro limasunthika n'kukatseka tinjira ta mkati, magiya n'kuyamba kuterereka. Iye angotsitsa oilo wakale, asinthe sefa, athire watsopano, basi.

Galimoto imeneyi ndi imene munanditengera kuchipatala tsiku lobadwa chitsirizira wathu, inu mukulira kuposa ine. Mpando wakumbuyo udakali ndi chibowo chimene mkulu wake anaboola ndi foloko. Mng'ono wanuyo analipo? Akayesere pa njinga yake.

Loweruka tipitira limodzi kugalaja, ndikaima pomwepo n'kumaona ndi maso angawa. Ndiwo zili m'poto wabuluu. Mukafuna kutuluka, miyendo muli nayo.

Ndine,
Mayi a ana